Wailesi sikugwira, ZBC yasowa pa TV: poyambira kufufuza kuno ku Harare

Mvula ikangoyamba mu Novembala, madandaulo amakhala omwe aja a chaka chatha. Agogo ku Mabvuku akuti National FM yasiya kumveka nthawi imene Chichewa chimayankhulidwa. Amalume ku Mufakose akuti ZBC TV ikumaima nkhani za 8 koloko zili mkati. Mnyamata wagula galimoto yochokera ku Japan, ndiye akudabwa kuti wailesi yake ikudziwa siteshoni imodzi yokha. Ambiri amafulumira kuloza chala ku Pockets Hill, komwe kuli likulu la ZBC, bungwe la boma loulutsa mawu ndi zithunzi mu Zimbabwe, ena amanyamula TV pamutu ulendo kwa wokonza m'tauni. Koma nthawi zambiri vuto limakhala pakhomo pomwepo, pa waya, pa eriyo, pa soketi, kapena pa chipangizo china chomwe chayatsidwa pafupi.

Pezani pansipa chizindikiro chofanana ndi chanu. Pa chilichonse ndayamba ndi chifukwa chomwe chimapezeka kawirikawiri, chosowa chili kumapeto.

## Musanamasule chilichonse, funsani aneba

Mawu ndi zithunzi zimadutsa m'manja ambiri zisanafike kwa inu. ZBC imakonza mapulogalamu, kampani ya boma ya Transmedia ndiyo imayang'anira milongoti yomwe imawamwaza mumlengalenga, ndipo bungwe la BAZ limapereka ziphaso ndi kuyang'anira ntchito yonse youlutsa. Nyumba yanu ndi yomalizira. Mafunso atatu awa amapulumutsa ndalama:

- Kodi kwa aneba nakonso yasowa? Ngati mzere wonse wa nyumba uli chimodzimodzi, vuto lili ku mlongoti kapena ku magetsi a kumeneko. Siyani eriyo yanu momwe ilili, dikirani.
- Yasowa siteshoni imodzi kapena zonse? Imodzi yokha ikasowa zina zikumveka bwino, chipangizo chanu n'chamoyo.
- Zinayamba liti? Mphepo itawomba, magetsi atabwerera, mutagula babu latsopano, ana atasuntha TV posesa? Yankho la funso limeneli nthawi zambiri ndilo limakulozerani pomwe pali vuto.

## Wailesi ya m'nyumba ikungoti "shiii", mawu akumveka patali

1. Eriyo siinatambasulidwe, kapena inathyoka. Mafunde a FM ndi aatali pafupifupi mamita 3, ndipo eriyo imagwira bwino ikakhala gawo limodzi mwa magawo anayi a utali umenewu, kutanthauza masentimita 75 kapena kuyandikira pamenepo. Itambasuleni yonse, muipendeketse pang'onopang'ono uku mukumvetsera. Ngati inathyoka, mangirirani waya wa kopa wa utali womwewo pa chitsa chomwe chatsala, mutapala kaye dzimbiri. Kuwonjezera waya wautali kuzungulira nyumba yonse sikuthandiza, kumangokokera phokoso.

2. Mabatire afooka. Chizindikiro chake n'chakuti mawu amamveka bwino mukatsitsa, koma mukakweza amayamba kusasa. Sinthani onse nthawi imodzi, osasakaniza akale ndi atsopano. Onaninso ngati timasipuling'i ta m'kati tachita dzimbiri chifukwa cha batire lomwe linatuluka madzi.

3. Pali chipangizo m'nyumba chomwe chikusokoneza. Apa mpofunika kuchedwapo, chifukwa vuto limeneli lakula kwambiri kuyambira pamene kuzima kwa magetsi kunapangitsa pafupifupi khomo lililonse kukhala ndi sola, batire ndi inverter. Zipangizo zotchipa za mtundu umenewu zimatulutsa phokoso lamagetsi lomwe wailesi imalitola ngati siteshoni. Zomwe zimavutitsa kwambiri ndi ma inverter otsika mtengo, machaja a foni opanda dzina, mababu ena a LED, ndi kabokosi koyendetsa sola. Phokoso lake limasiyana ndi la siginolo yofooka: ili limalira "zzzz" kapena "trrr" mosasintha, ndipo limapezeka pa masiteshoni angapo nthawi imodzi.

Kuyesa kwake nkosavuta. Ikani wailesi pa mabatire, muzimitse switchi yaikulu ya pa bokosi la magetsi, muzimitsenso inverter. Phokoso likatha, wolakwa ali m'nyumba mwanu. Yatsani zinthu chimodzichimodzi mpaka libwerere. Mukamupeza, musunthireni kutali ndi wailesi kapena mugule china chabwinopo. Ndinaonapo banja lina ku Dzivarasekwa lomwe linali litagula kale wailesi yachiwiri, pomwe wosokoneza anali babu limodzi la pakhonde lomwe limayatsidwa dzuwa likalowa. N'chifukwa chake masana wailesi inkamveka bwinobwino, madzulo n'kuyamba misala. Phokoso likapanda kutha ngakhale mwazimitsa zonse, nyamulani wailesi muyende nayo panja: likamakula mukamayandikira khoma la aneba, nkhani yake ndi yokambirana mwaulemu, osati ya sikuludiraiva.

4. Malo omwe wailesi yakhala. Denga la malata, zitsulo za m'mawindo ndi makoma a konkire zimatchinga mafunde. M'mafulati a ku Mbare, chipinda chapansi chapakati chimavutika kuposa chapamwamba. Nyumba yomwe ili m'chigwa kapena kuseri kwa miyala ikuluikulu, monga mbali zina za Epworth, nayonso imalandira mofooka. Ikani wailesi pa windo, pamwamba pa kabati, ndipo yesani mawindo a mbali zosiyana. Ngati ili ndi batani la "Mono", lisindikizeni: phokoso limachepa kwambiri, ndipo pomvera nkhani kapena uthenga wa maliro simutaya kanthu.

5. Mwaphonya nambala. Pa wailesi zopotokola ndi dzanja, kasingano kamanama ikakalamba. Kuno ku Harare masiteshoni a ZBC ali motere: Classic 263 pa 92.8, Radio Zimbabwe pa 96.0, Power FM pa 99.3, National FM pa 102.8. Ena omwe si a ZBC koma amathandiza podziwa pomwe muli ndi Star FM pa 89.7, Capitalk pa 100.4 ndi ZiFM Stereo pa 106.4. Mukatuluka kunja kwa mzinda manambala amasintha chifukwa mwalowa m'dera la mlongoti wina, choncho musadabwe kuti nambala ya ku Harare siikugwira ku Mutare kapena ku Bulawayo. National FM ndiyo imatikhudza kwambiri ife, popeza ndi imene imaulutsa m'zinenero zingapo kuphatikizapo Chichewa, chomwe malamulo aakulu a dziko lino a 2013 anachiika pa mndandanda wa zinenero 16 zovomerezeka. Mukaipeza, lembani kachizindikiro ndi cholembera pa galasi la wailesi ya agogo kuti adzukulu akapotokola, iwo azitha kubwerera okha.

6. Chokwezera mawu chalowa fumbi. Ngati kukhetchera kumabwera pokhapokha mukamapotokola, ndi fumbi chabe. Mankhwala opopera otsukira zamagetsi amathetsa. Mafuta ophikira ayi.

## Wailesi ya pa foni ikukana kutseguka kapena ikudukiza

Pafupifupi nthawi zonse ndi mahedifoni. Waya wa mahedifoni ndiwo eriyo, ndiye ukakhala wopindidwa m'thumba, woduka m'kati, kapena mukugwiritsa ntchito opanda waya, siigwira. Lowetsani a waya mpaka amveke kuti alowa, muutambasule, kenako musankhe kuti mawu azitulukira pa sipika ngati mukufuna. Chachiwiri ndi chaja: chotsani foni pa moto muone ngati phokoso latha. Dziwaninso kuti mafoni ambiri atsopano alibiretu FM. Pamenepo palibe chokonza, pitani ku gawo la intaneti.

## Wailesi ya m'galimoto ikungogwira Star FM yokha

Ili si vuto la ZBC, ndipo wailesi yanu siinafe. Ku Japan FM imayambira pa 76 kulekeza pa 90, zatsopano zina zimafika pa 95, pomwe kuno timagwiritsa ntchito 87.5 mpaka 108. Honda Fit kapena Toyota Wish ikafika ndi wailesi yake ya kwawo, siteshoni yaikulu ya ku Harare yomwe imalowa m'malire a 76 mpaka 90 ndi Star FM ya pa 89.7. Zina zonse zili pamwamba pomwe wailesiyo siifika.

Njira zilipo ziwiri. Yoyamba ndi kugula kabokosi kotchedwa band expander, komwe kamalumikizidwa pakati pa eriyo ndi wailesi. Kamatsitsa siteshoni iliyonse ndi nambala yokhazikika, ndiye zomwe zimaoneka pa galasi sizifanana ndi zomwe muulutsi amatchula. Funsani kuti kanu kamatsitsa ndi zingati musanalipire, chifukwa apa ndi pomwe anthu amagwa nayo:

- Kotsitsa ndi 14: National FM ya 102.8 muipeza pa 88.8, Power FM pa 85.3, Radio Zimbabwe pa 82.0, Classic 263 pa 78.8. ZiFM imagwera pa 92.4, kunja kwa wailesi yolekeza pa 90.
- Kotsitsa ndi 18: National FM pa 84.8, Power FM pa 81.3, Radio Zimbabwe pa 78.0, ZiFM pa 88.4. Koma Classic 263 imagwera pa 74.8, ndiye mwaitaya.

Njira yachiwiri ndi kuchotseratu wailesi ya ku Japan n'kuika ya kuno. Kunena zoona imeneyi ndiyo ndimaikonda, chifukwa kabokosi kaja nthawi zina kamaunjika masiteshoni awiri pamalo amodzi, komanso kamafooketsa siginolo mukatuluka m'tauni kulowera ku Norton kapena ku Ruwa. Kungoti pa magalimoto ena wailesi ndi yolumikizana ndi kamera ya kumbuyo ndi mabatani a pa chiwongolero, ndiye funsani kaye chomwe mutaye.

Ngati wailesi ndi ya kuno kale koma ikugwira mofooka:

1. Munasinthitsa wailesi posachedwa? Magalimoto ambiri ali ndi eriyo ya pa galasi yomwe ili ndi kokulitsa siginolo kake, ndipo kamafuna moto kudzera pa waya wa buluu. Oika wailesi mothamanga amauiwala.
2. Chotsani chaja ya foni yomwe ili pa soketi ya ndudu. Zambiri mwa izo zimapha FM.
3. Onani ngati eriyo ya padenga yamasuka kapena inatsala kotsukitsa galimoto.
4. Kulira kwa "wiii" komwe kumakwera mukaponda mafuta kumachokera ku alternator kapena ku waya wa earth womwe sunagwire bwino. Izi mpatseni wokonza zamagetsi a galimoto.

Kumbukirani kuti wailesi kusagwira sikukuchotserani laisensi. Kuyambira mu 2025 lamulo limafuna kuti mwini galimoto akhale ndi laisensi ya wailesi ya ZBC, kapena chikalata chomuchotsera chochokera ku ZBC komweko, asanagule laisensi ya galimoto ku bungwe la misewu la ZINARA ndi inshuwalansi. Pamene lamuloli linkayamba, mtengo unali US$23 pa miyezi itatu. Poti ndalamayo mukulipira ndithu, kuli bwino wailesiyo izigwira masiteshoni omwe mukulipirira.

## TV ya eriyo yalemba "No Signal"

1. TV ili pa khomo lolakwika. Musaseke, ichi ndicho chimatsogola. Mwana wasindikiza "Source" kapena "Input" pa rimoti, TV yapita pa HDMI kapena AV komwe kulibe kanthu. Bwererani pa "TV" kapena "DTV", kapena pa HDMI yomwe dikoda yalumikizidwa.

2. Pulagi ya eriyo yamasuka. Izuleni muiyang'ane. Pakati payenera kukhala waya umodzi wa kopa wowongoka, ndipo timaulusi tasiliva tozungulira tisaukhudze ngakhale kamodzi. Kaulusi kamodzi kokha kakakhudza wapakati, siginolo yonse yafa. Dulani kumapeto, musende bwino, mulumikizenso.

3. Mphepo yatembenuza eriyo. Tulukani panja muyerekeze ndi za aneba omwe TV yawo ikuonetsa. Yanu ikaloza kwina, mwapeza. Onaninso ngati timizere take tagona kapena taima mofanana ndi tawo. Ngati mtengo womwe yamangidwapo mungathe kuupotokola muli pansi, wina aime pa TV azikuuzani. Potokolani pang'ono, dikirani masekondi angapo, chifukwa TV ya digito imachedwa kuyankha.

4. Madzi alowa mu waya. Dzuwa la Okutobala limang'amba chikopa cha waya, mvula ya Disembala n'kulowa. Mukasenda n'kupeza kopa wada kapena wabiriwira, kapena madzi akudontha kuseri kwa TV, waya ameneyo watha ntchito. Gulani wa RG6, wautali wokwanira kuchoka pa eriyo mpaka pa TV popanda mfundo. Ku misika ya Gulf Complex ndi Siyaso amapezeka, koma sendani kansonga muone makulidwe a ulusi wa m'kati, poti wina amakhala chikopa chokhachokha. Polowetsa m'nyumba, waya ayambe watsika pang'ono kenako n'kukwera kulowa pabowo, kuti madzi azidonthera panja.

5. Booster ilibe moto. Eriyo zambiri zimakhala ndi kokulitsa siginolo pamwamba, komwe kamadya moto kuchokera pa adaputa ya m'nyumba kapena pa dikoda. Kakazima, kamatchinga siginolo m'malo moikulitsa. Onani ngati kanyali ka adaputa kayaka, kapena ngati "Antenna Power" ili pa "On" mu menyu ya dikoda.

6. Matchanelo afufutika kapena asunthidwa. Pitani mu menyu, sankhani "Auto Scan", dziko muike Zimbabwe ngati lilipo, mtundu muike "Air" kapena "Antenna", osati "Cable". Koma chitani izi pomaliza, waya ndi eriyo zili bwino. Mukasaka siginolo kulibe, TV imafufuta ngakhale zomwe inali nazo.

7. TV yanu siimva chinenero cha milongoti ya kuno. Mayiko a chigawo chino anagwirizana pansi pa ITU, bungwe la dziko lonse loona za mauthenga ndi mafunde a wailesi, kuti pofika pa 17 June 2015 akhale atasamuka kuchoka pa analogi kupita pa digito. Zimbabwe inasankha njira ya digito yotchedwa DVB-T2, ndipo ntchitoyi yayenda pang'onopang'ono, n'chifukwa chake m'makomo mwathu muli ma TV a mibadwo yosiyanasiyana. Yang'anani kuseri kwa TV kapena m'kabuku kake ngati palembedwa DVB-T2. Yachimbuyo yakale ija ilibe. Yomwe achibale anatumiza kuchokera ku America imagwiritsa ntchito ATSC, ya ku Japan ISDB-T, ndipo zakale zambiri za ku Britain zili ndi DVB-T yopanda 2. Zonsezi sizingagwire digito ya kuno pazokha, ngakhale mutagula eriyo yodula bwanji. Musataye TV: kadikoda ka DVB-T2 kolumikiza pa HDMI kapena AV kamathetsa nkhaniyi.

## Chithunzi chikuima, chikusweka timabokosi, mawu akudukiza

Pa analogi siginolo ikafooka, chithunzi chimadzaza timadontho koma mumaonerabe. Digito ilibe chifundo chotero: imaonetsa bwino kwambiri, kenako pang'ono pokha ikatsika, yasweka kapena yazimiratu. Choncho TV yomwe dzulo inali bwino ikhoza kukhala kuti inali kale m'mphepete.

Tsegulani menyu pomwe pali mizere iwiri, "Strength" ndi "Quality". Wofunika ndi wachiwiriwo. Mphamvu ikhoza kudzaza koma ubwino uli pansi, ndipo zikatero kuwonjezera booster n'kungotaya ndalama.

- Mfundo ndi mapulagi. Waya wolumikiza popotana ndi tepi yakuda ndiye woyamba kumukayikira. Gwedezani waya uku mukuyang'ana mzere wa "Quality". Ukamadumpha, vuto lili pomwe mwagwirapo.
- Mitengo. Mtengo wa mapeyala kapena wa mango womwe unali waufupi pomwe eriyo inkaikidwa, lero wakula. Masamba onyowa amatchinga kwambiri, ndiye vuto limakula nthawi ya dzinja ndi pamene kukuwomba mphepo. Kwezani eriyo kapena isunthireni mbali ina ya nyumba.
- Kugawana eriyo imodzi. M'nyumba za malendi ambiri, eriyo imodzi imadyetsa ma TV atatu kapena anayi. Kogawira pawiri kalikonse kamadula siginolo kupitirira theka. Yesani kulumikiza TV imodzi yokha mwachindunji. Ikachira, mukufunika kogawira kokhala ndi moto, kapena aliyense akhale ndi eriyo yake.
- Eriyo ya m'nyumba. Ya pamwamba pa TV imagwira kwa omwe ali pafupi ndi mlongoti. Ku Chitungwiza, ku Norton kapena kuseri kwa chitunda, ikani yapanja.
- Booster yanyanya. Mukakhala pafupi ndi mlongoti, siginolo yochuluka imasokonezanso TV. Yesani kuichotsa.
- Mlongoti wa mafoni pafupi. Mafunde ena a 4G ali moyandikana ndi a TV. Ngati vuto linayamba atangomanga mlongoti wa mafoni m'dera lanu, kasefa kotchedwa LTE filter, koikidwa siginolo isanalowe mu booster, kamathandiza.

## Chithunzi chilipo, mawu kulibe

Yambani ndi "Mute" ndi voliyumu, pa rimoti ya TV ndi ya dikoda yomwe, chifukwa zonse ziwiri zili ndi yake. Kenako onani mawaya a AV: wachikasu ndi wa chithunzi, woyera ndi wofiira ndi a mawu, ndipo kuseri kwa TV kumdima nkosavuta kuwasemphanitsa. Ngati ndi tchanelo chimodzi chokha, sindikizani "Audio" musankhe njira ina ya mawu.

Pali chinanso chomwe chimagwira ogula TV ku Musina kapena ku Johannesburg. Pa analogi, South Africa inkagwiritsa ntchito njira yotchedwa PAL I pomwe Zimbabwe ndi PAL B/G. Chithunzi chimabwera koma mawu amangokhala mpweya. Mu menyu, pa "Sound System", sinthani kuchoka pa I kupita pa B/G.

## ZBC yasowa pa dishi

Ambiri kuno amaonera ZBC TV pa DStv, tchanelo 280. Uthenga womwe walembedwa pa TV ndiwo ukuuzeni kolowera.

E48-32 ikutanthauza kuti siginolo siikufika.

1. Kunja kuli chimvula kapena mitambo yakuda bii? Dikirani, ibwerera yokha. Koma ngati kamvula kowaza kokha kakuizimitsa, dishi yanu siinalunjike bwino.
2. Zimitsani dikoda pa soketi, dikirani mphindi imodzi, onani ngati waya wa dishi wamangika pa "LNB In", muyatsenso.
3. Yang'anani dishi muli pansi. Yapendekeka? Mwana anapachikapo mpira, kapena wina wamangirirapo chingwe choyanikira zovala? Nthambi yamera kutsogolo kwake?
4. LNB, kamutu kokhala kutsogolo kwa dishi, kali ndi chivindikiro chapulasitiki chomwe dzuwa limachiphwanya. Chikang'ambika madzi amalowa, ndipo kofunika n'kugula kena.
5. Matchanelo ena akuonetsa, ena ayi? Dikoda imatumiza mavoti 13 kapena 18 ku LNB posankha gulu la matchanelo. Waya wowola kapena LNB yotopa imatha kugwira gulu limodzi lokha.

Kulunjika dishi ndi maso n'kovuta, chifukwa kusuntha kochepa ngati chala kumataya setilaiti yomwe ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 36,000. Musamasule mabawuti "kuti muyese". Woika madishi ali ndi mita yake, amamaliza msanga.

E16 ndi nkhani ya akaunti: simunalipire, kapena mwalipira koma dikoda inali yozima pomwe uthenga wotsegulira unkatumizidwa. Isiyeni yoyaka, muchotse uthengawo kudzera pa app kapena poimbira kampaniyo. Ndipo ngati dikoda inabwera ndi achimwene kuchokera ku Joni ndipo akaunti yake ndi ya ku South Africa, ZBC simuipezapo ngakhale mutasaka usiku wonse. Kumeneko njira ndi akaunti ya kuno kapena eriyo yapadera.

## Zonse zafa magetsi atabwerera, kapena mphenzi itang'anima

Magetsi akamabwerera nthawi zina amafika ndi mphamvu yopitirira mavoti 230 omwe zipangizo zimayembekezera. Zizolowezi ziwiri zimateteza: magetsi akazima zulani TV ndi dikoda pa soketi, ndipo akabwera dikirani mphindi zingapo musanalumikize. TV guard imachita ntchito yodikirayo m'malo mwanu.

Za mphenzi ndiye musachite nazo masewera, dziko lino limadziwika nazo. Mabingu akayamba kumveka patali, zulani pulagi ya magetsi ndi waya wa eriyo kapena wa dishi womwe. Kuzimitsa ndi rimoti sikuteteza kanthu, ndipo ambiri amazula magetsi okha n'kusiya waya wa padenga, pomwe ndi umene umalowetsa moto. Mvula ya mabingu ikafika pamutu, musagwirenso mawayawo.

Zikafa kale, yesani izi zokha:

- Lumikizani chinthu china pa soketiyo, muone ngati ili ndi moto. Ekisitenshoni imafa kawirikawiri kuposa TV.
- Onani fyuzi ya mu pulagi ya mano atatu. Ikapsa, ikani ya nambala yomweyo, osati waya kapena pepala la siliva.
- Dikoda ikamangoyaka n'kuzima, kayikirani adaputa yake. Yesani ina ya mavoti ofanana ndendende, ndipo ma amp asachepere pa olembedwa.
- Pa sola, TV yozima madzulo mawu akakwera nthawi zambiri ndi batire lomwe latsika, osati TV.

## Pa intaneti ikungozungulira

Ambiri a ife timamvera ZBC pa foni tikakhala kuntchito, komanso MBC ndi Zodiak kuti timve za kumudzi. Ikamadukiza, choyamba onani bandulo: ya WhatsApp kapena ya Facebook yokha siitsegula wailesi ya pa app kapena pa tsamba. Chachiwiri, foni ikamazimitsa mawu galasi likangothima, ndi "Battery Saver" yomwe ikutseka app, ichotseni pa app imeneyo. Chachitatu ndi netiweki yodzaza madzulo, kapena yofooka magetsi akazima nthawi yaitali m'dera lonse. Sankhani mawu odya bandulo yochepa ngati app ikulola: pa 64 kbps ola limodzi limadya pafupifupi 29 MB, pa 128 kbps pafupifupi 58 MB. Mawu a pa intaneti amafika mochedwerapo kuposa a FM, choncho aneba akakuwa chigoli inu musanachimve, palibe chawonongeka.

## Apa lekani, itanani mmisiri

- Mwamva fungo la kupsa, mwaona utsi, kapena pulagi yasungunuka. Zulani pa soketi, musayatsenso.
- Waya wa eriyo, dishi kapena chitsulo cha kuseri kwa dikoda chikukugwirani shoko. Ili ndi vuto la earth ya nyumba, likufuna wodziwa zamagetsi weniweni.
- Eriyo kapena mtengo wake uli pafupi ndi mawaya a magetsi a ZESA. Mtengo wachitsulo ukagwera pamenepo umapha. Ukagwera kale, musaukhudze, uzani a ZETDC, nthambi ya ZESA yogawa magetsi.
- Pafunika kukwera padenga lonyowa, lotsetsereka, la nyumba yosanja, kapena la asibesitosi lakale ngati la nyumba zambiri za ku Highfield ndi Mufakose. Limaoneka lolimba koma limaboka munthu akaponda pakati.
- Pafunika kutsegula TV. M'kati muli zosunga moto zomwe zimamenya ngakhale mwazula pulagi, makamaka mu TV yachimbuyo.
- Fyuzi yatsopano yapsanso nthawi yomweyo.
- Mukukhala pa lendi kapena m'fulati momwe eriyo ndi ya onse. Yambani mwauza eni nyumba.

Mmisiri akabwera, muuzeni zomwe mwayesa kale, uthenga womwe TV inalemba, ndi tsiku lomwe vuto linayamba. Gwirizanani mtengo asanakwere makwerero. Akati LNB, booster kapena waya wafa, akusiyireni chakufacho m'manja. Asanachoke, akuonetseni mzere wa "Quality" pa ZBC TV ndi pa matchanelo ena awiri, ndipo nambalayo muilembe kuseri kwa kabuku ka TV kuti tsiku lina mudzakhale ndi poyerekezera.